Eneless Abwerera pa Mabuloko

Mutu 6

1. Mawu ochokera ku Katete

M'zaka zimene mafakitale a mu Lusaka ankatsekedwa, mabanja ambiri a ku Chawama anayamba kutumiza ana awo kumudzi. Mwana amene lero mwamuona akutunga madzi pampopi, mawa mungomva kuti ali kwa agogo ake, khasu lili m'manja.

A Josiah, atate ake a Eneless, ntchito inawathera ku fakitale ya mabulangete. Anangotsala ndi jekete ya kampani basi. Tsopano ankaphwanya miyala chakufupi ndi komboni ya Misisi, pamene akazi awo, a Judith, ankagulitsa ufa wa m'timapepala pakhomo.

Tsiku lina kondakitala wa basi ya ku Chipata anabweretsa uthenga wa a Fackson a ku Katete, alongo awo a Judith. Uthengawo unati, "Nditumizireni Eneless azidzathandiza mkazi wanga kumunda. Kuno sadzagona ndi njala."

A Josiah anaitana mwana wawo.

"Eneless, tamvera. Sukulu si tchalitchi, kumene munthu amangopita kukaimba n'kubwerako. Ndikakulipirira iwe, ang'ono ako amagona osakhuta. Chizungu umakhoza, mbiri umakhoza, koma masamu ako ndi manyazi okhaokha. Ndi masamu otere, malikisi ako sadzakwana kupita ku giredi 10, ndiye ndikhala ndataya mphamvu zanga pachabe. Ndakupatsa temu ino. Masamu akakwera, ukhala. Akapanda kukwera, wokwera ndiwe, basi ya ku Katete."

Eneless anali mu giredi 8, ndipo sanali mbuli ayi. Koma belu la masamu likangolira, m'manja mwake munkatuluka thukuta, m'mimba n'kumapotokola. Manambala pabolodi ankaoneka ngati nyerere zobalalika. Matendawa anawatenga ku pulayimale, kumene mphunzitsi wina ankayamba tsiku ndi samu zapamtima, ndodo ili m'manja. Ndodoyo inathyoka kalekale, koma Eneless ankaimvabe.

2. Makwerero a Mayi Chalwe

Temu imeneyo kunabwera mphunzitsi watsopano wa masamu, Mayi Chalwe. Anali munthu wamfupi, wochokera ku migodi, ndipo Chinyanja chawo chinali chosakaniza ndi Chibemba. Tsiku loyamba sanalembe kanthu pabolodi. Anakhala pa tebulo n'kuyamba kulankhula.

"Mvelani, bana banga. Mu kilasi yanga mulibe ofeluka mayeso. Muli chabe bamene bafika na bamene bakalibe kufika. Masamu ni masitepu. Sungakwele ya pamwamba ngati ya pansi unailumpha. Manje aliyense azayambila pamene aimilila. Pa Chisanu chilichonse nizakupasani mayeso ya sitepu yanu. Ukaziba, ukwela. Ngati ukalibe kuziba, nizakuphunzisa njila inangu, uyese futi. Ine sinilema. Kulibe chikoti, kulibe kubelenga mamakisi pa asembule kuti banzako bakuseke. Nipempha chimozi chabe: osaninama. Nikafunsa ati mwamvela, osayankha monga kwaya. Mwamvela?"

"Tamvela, ba madamu!" kalasi yonse inayankha pamodzi.

Mayi Chalwe anagwira mutu n'kuseka. Ntchito anaiona kuti ilipo.

Anawapatsa mafunso, n'kuwagawa m'magulu. A khwerero lapamwamba anakhala kuwindo, kumene kunali madesiki otsala. A khwerero loyamba anakhala kuchitseko, pa mabuloko a simenti, pakuti madesiki ena anathyoka ndipo panalibe wowakonza. Tsiku lisanathe, ana anali atawapatsa kale dzina: a pa mabuloko.

Eneless anapezeka pa mabuloko pamodzi ndi mnzake Ketty, mtsikana wobadwira m'tauni, wapakamwa posatseka. Ntchito yawo inali kuphatikiza magawo, monga theka ndi kota, zimene ana amaphunzira mu giredi 5. Manyazi anamugwira Eneless mpaka m'makutu.

Pasukulupo choko ankachisunga ngati mchere, ndipo mapepala kunalibe. Choncho Mayi Chalwe analemba mayeso a khwerero lililonse pa pepala la thumba la simenti. Lachisanu likafika, ankapachika mapepalawo pakhoma, mayeso akatha n'kuwasunga.

3. Mutu wa mavesi

Lachisanu loyamba Eneless sanakhoze. "Ukalibe kufika," anatero Mayi Chalwe, n'kuwaonetsa onse mayankho pabolodi, mzere ndi mzere.

Lachisanu lotsatira, Eneless atakweza maso, anaona pepala lomwe lija, mafunso omwe aja, ngakhale banga la mafuta pakona linali lomwelo.

Tsono Eneless anali ndi mphatso imodzi. Ku Sande sukulu panalibe womuposa poloweza mavesi. Ankatha kunena salimo lonse osapuma, azimayi a chigwirizano n'kumaimba nthungululu. Mutu umenewo ndi umene anaugwiritsa ntchito. Mayankho akalembedwa pabolodi, iye ankawaloweza onse, nambala ndi nambala, ngati vesi. Lachisanu likafika, ankangowatsanulira papepala.

Sanabe mayeso, ndipo sanaonere mnzake. Anachita chimene ankachidziwa, ndipo mwina iyenso ankaganiza kuti kuphunzira n'komweko. Anachoka pa mabuloko, anakwera, anakweranso, mpaka anakakhala kuwindo pa desiki.

A Josiah atamva, anaseka koyamba chitsekereni fakitale. Anamugulira chitumbuwa chachikulu cha iye yekha, ang'ono ake akuyang'ana ndi maso a nkhwidzi. Anauza anzawo onse kumiyala kuti mwana wawo ali m'gulu lapamwamba. Kwa a Fackson anatumiza mawu akuti ayambe adikira.

Koma m'mimba mwa Eneless simunamve nawo uthenga wabwinowo. Kuwindo kuja mantha ndiye anachita kunyanya. Mayi Chalwe akamayandikira desiki yake, iye ankapempha kupita kuchimbudzi.

4. Funso la Ketty

Ketty anali akadali pa mabuloko, ndipo sizinkamudetsa nkhawa. Tsiku lina pa buleki anamupeza Eneless pansi pa mtengo wa mango.

"Iwe Ene, ba profesa, nithandizeko. Hafu kuikapo wani ova fili."

Analemba pansi ndi kamtengo: 1/2 + 1/3.

"Ansa ni 5/6," anatero Eneless msangamsanga. Linali funso lachiwiri pa pepala loyamba.

"Ansa naiziba, ba madamu banakamba. Nifuna kuziba 6 yachoka kuti. Apa pali 2, apa pali 3. Manje 6 yabwela na minibasi?"

Eneless ananena mizere yonse imene analoweza, osaphonya.

"Awe, uimba chabe," anatero Ketty. "Leka nichinje." Anafufuta 3 ndi phazi n'kulembapo 5. "Nanga apa?"

Eneless anayang'ana pansi. Funsoli silinali pa pepala la simenti. Thukuta linayamba, manambala aja n'kuyamba kuyenda.

Ketty anamuyang'ana nthawi yaitali. Aka kanali koyamba Eneless kumuona wopanda nthabwala.

"Ene, suziba?"

"Siniziba."

"Manje kuja ku windo uchitako chani?"

Belu linalira, onse n'kubwerera m'kalasi.

5. Chenjezo la amayi

Masana amenewo Eneless ankathandiza amayi ake kuthira ufa m'timapepala. Anawafotokozera zonse, n'kunena kuti akufuna kukauza aphunzitsi kuti sanamve kanthu chiyambire.

A Judith anasiya kapu m'thumba la ufa.

"Ukauze aphunzitsi kuti sunamve? Iwe, ndinakulera ndine kapena wina? Kwathu mwana sauza wamkulu kuti simunalongosole bwino. Wamkulu akalankhula umati ndamva, zotsalazo ukafunse anzako kuseri. Ukawachititse manyazi mayi aja pamaso pa ana, akakuone bwanji? Ndiponso taganizira atate ako. Waona mmene akuyendera masiku ano, mutu uli m'mwamba. Ukatsikira pa mabuloko paja, sadzafunsa chifukwa, adzangotumiza mawu ku Katete. Ine Katete ndikumudziwa, ndinabadwira komweko. Udzalima, udzasenza madzi, ndipo chaka chisanathe kudzabwera mwamuna wa njinga kudzakufunsira. Amalume ako sadzakana. Tsono khala chete. Loweza monga ukulowezeramo, temu ithe, ukhale."

"Nanga mayeso a boma, amayi? Iwo sabwereza pepala la simenti."

A Judith anatenganso kapu yawo. "Zimenezo tidzaziona zikadzafika," anatero, koma sanamuyang'ane kumaso.

Amayiwa ankanena chifukwa cha chikondi, ndipo zambiri zimene ananena zinali zoona. Koma m'mimba mopotokolamo munali mwa Eneless, osati mwawo.

Lolemba, Mayi Chalwe atangolowa, Eneless anaimirira. Anatenga mabuku ake, anachoka kuwindo, anadutsa kalasi yonse, n'kukakhala pa buloko pafupi ndi Ketty.

"Eneless, wasoba malo?" anafunsa Mayi Chalwe.

"Ba madamu, sininamvele. Kuchokela pa sitepu yoyamba sininamvele. Nenze kusunga chabe ma ansa mu mutu, chifukwa pepala siichinja."

Kalasi inaphulika ndi phwete. Mnyamata wina kumbuyo anakuwa, "Profesa agwa!"

Mayi Chalwe anakweza dzanja, onse n'kukhala chete. Anayang'ana mapepala awo a simenti pa tebulo, kenaka anayang'ana a kuwindo. Angapo a iwo anazolika, mwadzidzidzi ali otanganidwa ndi zikhadabo zawo.

"Olakwa ndine," anatero. "Nenze kusunga choko, nataya bana. Kuyambila pa Chisanu manambala yazayamba kuchinja, olo nilembe na malasha. Imwe bamene museka, mvelani. Uyu mwana anichitila ulemu ukulu kuchila bonse bamene bamaniyankha ati tamvela. Dokota sangakuchilise ngati umuuza ati nili bwino. Mantha ya masamu siyabwela chifukwa mutu ni ofoka. Yabwela chifukwa waimilila pamwamba, pansi palibe chokugwila. Uyu aseluka kuti akamange pansi. Mwezi ukasila muzaona amene azaseka."

6. Mabokosi a papepala

Nkhani ku Chawama sigona panjira. Mnyamata wokuwa uja anauza atate ake, atate akewo n'kukaifikitsa kumiyala. A Josiah anabwera kunyumba nkhope ili gwa.

"Ndamva kuti akubweza kwa mbuli."

"Sanandibweze, atate. Ndabwerera ndekha."

"Wekha! Ndiye kupusa koposa pamenepa kulipo? Ine ndauza Chawama yense kuti mwana wanga ali pamwamba, iwe n'kukadzitsitsa wekha. Ndinanena kuti masamu akwere. Atsika. Nkhani yatha."

M'mawa mwake anapita kukaonana ndi kondakitala uja. Uthenga unali wakuti a Fackson akapeza mpata, abwere adzamutenge mwana.

Eneless analira, koma kusukulu sanasiye. Ku Katete ndi kutali, ndipo amalume anali asanamalize kukolola.

Pa mabuloko, Mayi Chalwe anapatsa aliyense chidutswa cha pepala la simenti. Anawapinditsa pakati, n'kuwapinditsanso patatu chopingasa. Atatambasula, papepalapo panali timabokosi sikisi.

"Hafu ni mabokosi yangati?" anafunsa Mayi Chalwe.

"Yatatu," anatero Eneless atawerenga ndi chala.

"Wani ova fili?"

"Yabili."

"Pamozi?"

Eneless anayang'ana pepala, anayang'ana Ketty. "Iwe Ketty, 6 ija iyi apa! Siinabwele na minibasi!"

Anaseka awiriwo mpaka a kuwindo anatembenuka.

Musaganize kuti zonse zinatheka tsiku limodzi. Lachisanu limenelo manambala anasinthadi, ndipo Eneless sanakhoze. Theka la a kuwindo nalonso linalephera, n'kutsika kudzamupeza, mpaka mabuloko anachepa. Mayi Chalwe anangoti, "Ukalibe kufika," n'kumuonetsa ndi zitsekerero za mabotolo. Lachisanu linalo anafika. Anakwera khwerero limodzi lokha, koma linali lake.

Chimene anachizindikira mochedwa n'chakuti belu la masamu linkalira, iye mtima uli m'malo, akukangana ndi Ketty za mabokosi. Kuchimbudzi kuja anasiya kupitako.

7. A Josiah afunsa okha

Kumapeto kwa mwezi a Josiah anavala jekete ya kampani ija n'kupita kusukulu, kukauza akuluakulu kuti mwana wawo akuchoka. Eneless anawaona akubwera, n'kutuluka kukawagwadira pakhonde.

"Atate, musanalowe mu ofesi, ndifunseni samu imodzi. Manambala musankhe ndinu. Ndikalephera, ndikalongedza ndekha."

Mayi Chalwe anali ataima pachitseko. "Ba Tata, ngenani. Choko iyi."

A Josiah sanafune kukana pamaso pa mphunzitsi. Analowa, ana onse n'kuimirira. Anaganiza pang'ono, kenaka analemba ndi dzanja lawo lokakala ndi miyala: 3/4 + 2/3.

Eneless anatenga pepala. Analipinda panayi, n'kulipindanso patatu chopingasa. Timabokosi tinatuluka 12. Anawerenga gawo loyamba, napeza 9. Anawerenga lachiwiri, napeza 8. Pamodzi 17.

Apa anaima. Papepala panali timabokosi 12 tokha, nanga 17 tikwana bwanji? Zotere anali asanakumane nazo. Thukuta lija linabwera. A Josiah anapukusa mutu n'kuyamba kumanga mabatani a jekete.

Mayi Chalwe sanamuthandize Eneless ngakhale ndi diso.

Eneless anapukuta manja pa siketi. Anawerenganso 9 uja, anali wolondola. Anawerenganso 8, analinso wolondola. Ngati ziwirizo zili bwino, ndiye kuti cholakwa si iye, chochepa ndi pepala.

"Ketty, nipaseko pepala inangu."

Analipinda chimodzimodzi. Anadzaza loyamba lonse, pa lachiwiri n'kuchongapo timabokosi tisanu. Kenaka anatembenukira atate ake.

"Atate, ndi pepala limodzi lathunthu, ndi timabokosi tisanu mwa 12. Zaposa chimodzi chifukwa zonse ziwiri munalembazi n'zoposa theka."

A Josiah anayang'ana Mayi Chalwe. Mayi Chalwe anagwedeza mutu. Koma bamboyo sanakhutire msanga. Anafufuta ndi chikhatho n'kulemba ina. Eneless anaipeza. Analemba inanso, ndipo iyi anaipeza osapinda pepala n'komwe.

"Ba Tata," anatero Mayi Chalwe, "sinizakunamani. Uyu mwana akali patali na windo. Koma pamene aponda manje, sazagwapo futi. Mupaseni nthawi."

A Josiah anaika choko pa tebulo mosamala. Ku ofesi kuja sanapiteko.

8. Mlendo pa mpando wa atate

Anadikira panja mpaka sukulu inaweruka, ndipo anabwerera limodzi, akulambalala zithaphwi za m'njira. Anayenda mtunda ndithu.

"Ndinafulumira kutumiza mawu aja," anatero a Josiah potsiriza. "Ukhala. Mawa ndikamuuza kondakitala akanene kwa amalume ako kuti asavutike."

Eneless anasangalala kotero kuti njira yonse anaiona yaifupi. Anathamanga kutsogolo kuti akauze amayi ake.

Pakhomo anaima. Panali nkhuku yomangidwa miyendo ndi thumba la mtedza. M'nyumba, pa mpando wa atate ake, panakhala munthu wamtali wa chipewa, akumwa tiyi. A Judith anali pansi pambali, maso ali ofiira.

"Alamu, mwafika," anatero a Josiah akulowa.

"Ndafika monga munaitanira," anayankha a Fackson. "Basi ndi ya Loweruka m'mawa."

A Josiah anavula jekete, anaipachika pa msomali, n'kukhala pa chitini.

"Alamu, mundikhululukire, ndakuyendetsani pachabe. Ndaona ndi maso anga lero. Mwanayu sapita."

A Fackson anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Sapita? Alamu, kukhalitsa m'tauni kwakuiwalitsani. Inu munabereka, sitikana. Koma mwana wa mlongo wanga mwini wake ndine, ndipo kwathu zimenezo sizinasinthe. Munandiitana nokha, ndasiya chimanga pamunda, mkazi wanga akumuyembekeza mwanayu. Lero mukuti mwasintha chifukwa cha samu?"

A Josiah mwambowo ankaudziwa bwino. A Judith anayang'ana pansi.

A Fackson anatembenukira kuchitseko. "Iwe Eneless, kalongedze."

Eneless anagwada pakhomopo, monga mwana woleredwa bwino. Koma sanadzuke kupita kuchipinda. Anapukuta manja pa siketi, n'kukweza maso.

"Amalume," anatero, "ndili ndi mawu."